Timba wa m'tsekera ndi dzira lomwe silinali lake

## Ndinapita kukatchetcha basi

Ndiyambe ndi kuvomera kuti ine atimba ndawapha ambiri. Amene munakulira kumudzi musayang'ane kumbali, tonse tinkayenda ndi legeni m'khosi, timiyala ta kumtsinje m'thumba la kabudula, ndipo kambalame kalikonse kakang'ono kotuwa kodumphadumpha m'zitsamba tinkangoti timba, kugenda, kusosola, kuwamba pa moto wa mapesi, kanyama kake kosathera n'komwe mbamu imodzi ya nsima koma mkangano wake pogawana ngati tapha gwape. Zaka zonse zija sindinadzifunsepo kuti kodi timbayu amadya chani, amaswera pati, kapena ngati atimba onsewa ndi mtundu umodzi. Dzina linalipo kale, nde kuyang'anitsitsanso kwa chani.

Mu Januwale chaka chathachi ndinabwerera kumudzi kuno ku Mulanje ntchito ku Blantyre itatha mosayembekezera (imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina, mtima sunaphwe). Amayi anga sakhala ndi munthu wongoswera pakhonde foni ili m'manja, patangotha masiku awiri anandipatsa chikwakwa kuti ndikatchetche kumunsi kwa munda, mbali ya kudambo, kumene madzi a Freddy anaunjika mchenga ndi miyala mu Malichi 2023 ndipo kuchokera pamenepo palibe analimakonso. Kunali kutamera tsekera wofika m'khosi, chisoso, tizitsamba taminga, ndi nandolo zingapo zongodzimerera.

Nditatchetcha pafupifupi ola lathunthu, thukuta lili kamukamu, kambalame kena kanayamba kundilalatira. Sikankathawa ayi. Kakwera pa tsekera, mchira m'mwamba, tswii tswii tswii, katsika, katulukira mbali ina, kayambiranso, ndikasuntha phazi phokoso likukwera. Ndinaima kuti ndione chomwe kakulirira, nde ndi pamene ndinaona chisa, chitangotsala pang'ono kulowa m'chikwakwa.

Chinali cholendewera pakati pa masamba a kachitsamba, msinkhu wake kuchoka pansi wofika m'chiuno mwangamu, kukula kwake ngati peyala laling'ono. Choluka ndi udzu wong'amba timizere topyapyala, wina ukadali wauwisi, ndipo khomo lake silinali pamwamba ngati chisa cha pumbwa, linali chammbali chakumtunda ngati kathumba komwe mwini wake waiwala kumanga. Ndinasuzumira. Mazira atatu, lililonse ngati njere ya mtedza wa chalimbana, ofiirira ngati njerwa yowotcha, ali ndi madontho akuda komanso timizere topindikapindika ngati mmene mwana amakhwatchira pa kope poyesa ngati bolopeni ikulemba.

Ine amene kale ndikanangotola n'kukaphika m'kachitini ndinazungulira malowo n'kusiyapo kachilumba ka tchire. Amayi atabwera kudzayendera ntchito anati mundawo ndaumeta ngati mutu wa mwana wometedwa ndi lezala lobuntha.

## Mlandu

Pakhomo pathu pali mwana wa achemwali anga, nthawi imeneyo anali Sitandade 5. Legeni yake anapanga yekha ndi mphira wa chubu cha njinga, ndipo mkono ali nawo mfana ameneyu, njiwa ikatera mu mtengo wa mango saiphonya kawiri. Madzulo ake ndinamutengera kuchisa kuja poganiza kuti bola ndimuonetse ndekha n'kumuchenjeza kusiyana n'kuti akachipeze yekha. Ndinati iwe, chisa ichi ndi changa, ukangochigwira tionana. Anati chabwino ankolo.

M'mawa mwake ndinalawirira kukasuzumira. Mazira anali atatu ndithu koma limodzi silinali lija. Awiri ofiira aja analipo, lachitatu linali labuluu wotuwa, lokulirapo pang'ono, madontho alipo koma timizere ta bolopeni tija ayi.

Mutu wanga sunapite kutali. Tili ana tinkachita zomwezi, kutenga dzira la chisa ichi kukaika mu icho kuti tingoona chomwe chichitike, nde ndinabwerera kunyumba nditafufuma n'kumupeza akumwa phala asanapite kusukulu.

"Iwe, dzira lija waliika kuti?"

"Dzira liti ankolo?"

"Usandipusitse ine, ndinakuuza chani dzulo?"

"Sindinapiteko ine ankolo, olo mufunse agogo."

Ndinamuvula legeni m'khosi, kuiika pa chitsa, chikwanje kamodzi, mphira uko mphanda uko. Sanalire. Anangoyang'ana zidutswazo, kutenga jumbo yake ya makope, ulendo wa kusukulu phala osamaliza. Amayi amene ankasesa pabwalo anangofunsa kuti, "Unamuona?" Ndinati ayi koma angakhale ndaninso wina. Anati, "Ndiye kuti sunamuone," n'kupitiriza kusesa.

## Kuseri kwa chulu

Tsiku lotsatira linali Loweruka. Ndikadali m'bulangete ndinangomva wina akundigwedeza phazi, ankolo dzukani mudzaone. Miyendo yake ili mame okhaokha mpaka m'mawondo, chisoso chitamatirira kabudula yense. Akuti anadzuka kusanache n'kukakhala kuseri kwa chulu moyang'anana ndi chisa chija kuti amuone ndi maso ake amene wamuputira mlanduyo. Ndipo akuti timba mwini wakeyo analowa m'chisa, anakhalamo kanthawi mchira wokha ukuonekera, kenako anatuluka dzira lili kukamwa ataliboola ndi mlomo, n'kukaliponya chauko. Anandilondolera, tinafufuza m'udzu wotchetcha uja, n'kupezadi chigoba chabuluu chija chili ndi kabowo, nyerere zitayamba kale ntchito. M'chisa munatsala awiri ofiira aja.

Anawonjezanso kuti dzana lija, nthawi yomwe ndinkamuonetsa chisa, anaona kambalame kena kokhala ngati mpheta yaikazi, kamlomo kakafupi konenepa, kali phee pa tsekera chapatali kakuyang'ana komweko, koma sananene poti sindinamufunse.

Apa nde pomwe pamandichititsa manyazi mpaka lero. Sindinamukhulupirire. Mumtima ndinati kamwana aka n'kochenjera, kachotsa kokha dziralo kuti kafufute umboni, kaliboola ndi minga, kenako kapeka nthano yonseyi. Mbalame iti ingataye dzira la m'chisa chake chomwe? Ndinangoti chabwino ndamva, n'kubwerera kukagona.

## Timba uti?

Ndili ndi mnzanga wa ku pulayimale amene amaperekeza alendo kukwera phiri kuchokera ku Likhubula. Ku Chambe, ku Lichenya mpaka pa Sapitwa wapitako kosawerengeka, ndipo poti azungu ena amabwerera mbalame basi, naye anaphunzira kuzidziwa, ali ndi magalasi oonera patali ndi chibuku chazithunzi chomwe mlendo wina anamusiyira. Nyengo ya mvula alendo amachepa nde Lamulungu lake anatulukira pa njinga kudzacheza. Ndinamusimbira nkhaniyi ngati nthabwala, kuti mfana wa achemwali akuti timba wataya yekha dzira. Iye sanaseke. Anangofunsa kuti, "Timba uti aise?"

Ndinati timba ndi timba. Anati ayi, tiye.

Tinakhala kuseri kwa chulu chomwe chija, anandipatsa magalasi aja n'kundiuza kuti ndisayambe ndi mtundu wa nthenga chifukwa timbalame timeneti tonse n'totuwa, ndiyambe ndi mchira. Wathuyu mchira wake ndi wautali, wowonda, pafupifupi theka la mbalame yonse, amauimika n'kumaupukusa uku ndi uku, ndipo ukauonera chapansi nthenga iliyonse ili ndi kadontho kakuda pafupi ndi nsonga yoyera. Ukachoka pamenepo upite kunkhope, pamwamba pa diso pali mzere woyera ngati nsidze yopenta, pansi pake kamzere kakuda kochoka pamlomo kukalowa m'diso. Msana wosalala wopanda mawanga, pakhosi ndi pamimba poyera, koma m'nthiti mofiirira ngati tiyi wothira mkaka womana. M'buku muja dzina lake ndi tawny-flanked prinia, asayansi amati Prinia subflava. Kuchoka kumlomo kufika kunsonga ya mchira ndi masentimita 12 kapena kuchepera apo, kulemera kwake magalamu 9 kapena 10, ndiye kuti pangafunike atimba zana lathunthu kuti alingane ndi paketi imodzi ya shuga ya kilo. Ndinakumbukira mikangano ija ya pa moto wa mapesi n'kuseka ndekha.

Anandiuzanso kuti mlomo wakuda bii womwe ndinkauonawo ndi wa nyengo yoswana, nthawi ya mvula. Ikafika Juni, Julayi, chiperoni chikuwaza, mlomo umayezuka, mchira umatalikirapo, moti munthu wosadziwa amayesa ndi mbalame ina.

Tili pomwepo kumunsi m'mabango kunamveka kulira kwina kwamphamvu, kobwerezabwereza, kumangokwera kumangokwera ngati munthu amene mkangano wamukolera. Mnzanga uja anati, "Ameneyonso ndi timba kwa iwe eti?" Tinamusaka ndi magalasi mpaka tinamupeza. Kukula kofanana, kutuwa kofanana, koma nkhope yofiirira, nsidze yoyera ija palibe, mchira wamfupiko ndi wotakata. Ameneyo ndi red-faced cisticola, satalikira madzi, ndipo chisa chake saluka panja ngati wathuyu, amatenga masamba aakulu amoyo, kuwaboola m'mbali, kuwasoka ndi ulusi wa kangaude, chisa n'kumanga mkati mwake. Telala weniweni. Abale ake ena a mtundu wa cisticola ali ndi msana wamizeremizere ndipo ambiri amafanana mosokoneza mutu, moti olo odziwa mbalame amadikira kaye ilire ndi pomwe atchule dzina.

Pobwerera tinadutsa pa chitsamba chothithikana kuseri kwa khola, muli kulira mee mee ngati kamwana ka mbuzi kosochera. Ndakhala ndikukumva kulira kumeneku moyo wanga wonse. Ndi kambalame ka mapiko obiriwira, kamchira kakafupi koimika, dzina lake camaroptera. Atimba atatu osiyana pa malo osakwana bwalo la mpira, theka la ola, ndipo onse atatu ndinawadyapo ndili mwana osadziwa kuti ndikudya mitundu itatu.

## Mbava yake ndi iyi

Za dzira lija mnzanga anasunga mpaka titakhala pakhonde ndi chinangwa chophika. Anatsegula buku, kundilozera mbalame ziwiri, yaimuna yachikasu, yaikazi yotuwa yamizeremizere ngati mpheta, zonse za mlomo wamfupi wonenepa. Anaitana mfana uja n'kumufunsa kuti ija unaiona pa tsekera ili pati apa. Mwana sanachedwe, chala pa yaikazi ija.

Dzina lake cuckoo finch. Mbalame imeneyi chisa simanga, ana silera. Imakhala chapatali kumayang'ana komwe timba akulowa, mwini wake akangochoka imathamangirako, kuchotsa dzira, kuikirapo lake, ulendo. Timba akapanda kuzindikira amafungatira, mwana wachilendoyo akaswa amakula msanga, kukamwa kwake n'kwakukulu, amalanda chakudya chonse mpaka ana enieni a pakhomopo kufa ndi njala, makolo ali kalikiliki kudyetsa chimwana choposa iwo eni.

Usiku umenewo ndinathera bandulo yonse kuwerenga za nkhaniyi. Kuli mayi wina wofufuza za mbalame, Claire Spottiswoode, amene wakhala zaka zambiri ku Choma, kummwera kwa Zambia, akugwira ntchito ndi anthu a m'midzi ya konko odziwa kusaka zisa, ndipo timba yemweyu ndi amene amufufuza kwambiri. Anapeza kuti timba wamkazi aliyense amaikira mazira a mtundu wakewake, wina oyera, wina abuluu, wina ofiira ngati athu aja, wina obiriwira motuwa, ndipo madontho ndi timizere take n'zosiyana ndi za mnzake ngati siginecha ya ku banki. Mbava ija imayesetsa kubera siginechayo, nayonso ili ndi mazira amitundumitundu, koma yaikazi iliyonse imaikira mtundu umodzi basi nde ikalowa chisa cholakwika yagwidwa, komanso timizere ta bolopeni tija imalephera kukopera. Ofufuzawo ankaika dala mazira achilendo m'zisa n'kumaona, losiyana kwambiri ndi ake timba amalichotsa. Nayo mbavayo sigona, nthawi zina imabwerera pa chisa chomwecho kuikira kawiri katatu kuti achilendo achuluke, mwini wake asokonezeke kuti ake enieni ndi ati.

Mwambi uja wakuti timba sachepa ndi mazira ake ndakhala ndikuumva pa milandu ya kwa amfumu, munthu akafuna kunena kuti olo wosauka pakhomo pake ndi mwini. Sindinkadziwa kuti kambalameko kamachita kuwawerenga mazirawo limodzilimodzi. Kanaona dzira kamodzi n'kudziwa kuti ili si langa. Ine mwana wa mlongo wanga weniweni, amene ndinamunyamula ali wakhanda, anandiuza zoona kawiri konse ine n'kumuona ngati wabodza. Ndinazimitsa foni, iye ali mkonono pa mphasa ina m'chipinda chomwecho.

## Chubu cha ku Chitakale

Amalume a kuno kupepesa kwa mwana sitidziwa, tinene zoona. Lolemba ndinapita ku Chitakale kwa okonza njinga, kugula chubu chakutha, madzulo n'kumuponyera pamiyendo. Ndinati dzira lija anatayadi yekha. Anati ndinakuuzani ankolo. Nkhani inathera pomwepo. Legeni ina anapanga tsiku lomwelo ndipo sindikunamizani kuti anasiya kugenda, njiwa za m'mudzi muno zikuonabe zakuda. Koma chisa chija chinasanduka chake, anzake akayandikira kumunsi kuja ankawathamangitsa yekha.

Mazira awiri aja anaswa patatha pafupifupi masabata awiri, tiana tamaliseche, maso otseka, kukamwa kokhakokha. Kuyambira pamenepo chulu chija chinakhala ofesi yanga poti ntchito inanso ndinalibe. Onse awiri, wamkazi ndi wamwamuna, ankadyetsa, ndipo kuwasiyanitsa ndi maso n'kovuta poti amavala zofanana. Ankabwera ndi timbozi tobiriwira, tiziwala tating'ono, tizilombo tina touluka, zambiri akuzitola m'masamba a nandolo ndi m'mphepete mwa chimanga. Amayi ankati ukusunga mbalame zodzatha mapira, ndinawauza kuti ayang'ane mlomo, wa timba ndi wowonda ngati singano, wotolera tizilombo, zakutha mapira ndi mpunga ndi za milomo yonenepa, mpheta ndi anzake. Anati kaya, koma chilumba chija sanachitchulenso.

Zambiri anayamba kuziona ndi mfana uja ine n'kumatsatira pambuyo. Ndi iye anandionetsa kuti timba sawulukira pa chisa mwachindunji, amatera kaye patali, kuyang'ana uku ndi uku, kulowa pansi m'udzu, n'kudzatulukira pakhomo ngati munthu wozemba ngongole. Ndi iye anaona kuti akamaliza kudyetsa amatuluka ndi kanthu koyera kukamwa, chimbudzi cha ana chokulungidwa ngati kathumba, kukachitaya kutali kuti pachisa pasakhale chizindikiro. Kuuluka kwake nakonso n'kosalimba, pang'ono pang'ono kuchoka pa chitsamba ichi kufika pa icho, mchira ukulendewera kumbuyo ngati ugwa. Nyimbo yake m'mawa ndi liwu limodzi lomwelo, tsip tsip tsip tsip, ali pamwamba pa tsekera, koma mphaka wa kwa aneba akangodutsa limasintha kukhala kulalata kuja anandilalatira ine tsiku la chikwakwa, ndipo mnzake amabwera kudzathandiza.

Tsiku lina tili pa chulu mnzanga wa ku Likhubula uja anati m'Malawi muno muli mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma alendo ake akafika amafunsa ziwiri. Ina ndi yellow-throated apalis, yomwe dziko lonse lapansi imapezeka ku mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa basi. Ina ndi Thyolo alethe, yomwe inatenga dzina la Thyolo yemweyu pomwe azungu anailemba koyamba mu 1927, imakhala pansi m'nkhalango zowirira n'kumatsatira linthumbu kuti izitola tizilombo tothawa. Nkhalango ya paphiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse, moti ofuna kuiona amawatengera kwina monga ku Ruo. Timba wathuyu zimenezo sizimukhudza kwenikweni, iye amakonda komwe anthu tasokoneza kale, m'mphepete mwa minda, m'masala, m'tchire la m'mbali mwa msewu ndi m'malire a minda ya tiyi. Chomwe chimamupweteka ndi chikwakwa cha mu Januwale ngati changa chija, nthawi yomwe zisa zili ndi mazira.

Tiana tija tinatuluka patatha masabata ena awiri, mu Febuluwale, timichira tatifupi ngati todulidwa ndi sizasi, kuuluka kwake kongogwera m'udzu. Kwa masiku angapo tianato tinkayenda ndi makolo awo, onse anayi, m'nandolo muja tikulira kupempha chakudya. Chilumba chija ndinadzachitchetcha mu Epulo, chisa chitauma, ndipo mfana uja anachitenga n'kuchipachika pa msomali m'chipinda.

## Voisi

Pano ndinabwerera ku Blantyre, ndinapeza kaganyu kena. Mwezi wathawu ndili mu minibasi ya ku Limbe kunalowa voisi pa WhatsApp kuchokera pa foni ya achemwali. Ndikutsegula ndi mphepo, mapazi m'udzu, kenako kambalame kakulira chapatali, kumapeto mawu a mfana uja monong'ona, ankolo uyu ndi uti?

Ndinamvera kamodzi, phokoso la kondakitala lili m'khutu linali, n'kuyankha mwachangu kuti ameneyo ndi wathu uja wa mchira wautali.

Sipanathe mphindi ziwiri. "Mwalakwa ankolo. Ameneyo ndi telala wa m'mabango. Mvetseraninso bwinobwino, akukwera."

Ndinatseka khutu linalo ndi chala, foni kuikanikiza pa linali, n'kuyambiranso. Ankakweradi.